Wophunzira unamwino akamadandaula si chibwana ayi

Anthu ambiri amati mwana akapita kuyunivesite kukaphunzira unamwino basi wafika, ndiye akamadandaula kuti zikumuvuta amati ndi chibwana, wangopukwa amayi ake, azolowera. Ayi ndithu, nkhani sili choncho.

Tangoganizani, munthu wachoka pakhomo koyamba, amene ankamufunsa kuti wadzuka bwanji ali kutali, kuwonjezera apo makalasi, mayeso, kenako amutumiza kuwodi kukachita mapulakitiko komwe akuona munthu akumwalira pamaso pake mwina koyamba m'moyo wake, mawa lake ali pa naiti, mkuja mayeso. Ophunzira ena akatuluka m'kalasi zathera pomwepo, koma uyu amabwerera kuhositelo nkhope ya wodwala uja ikumubwererabe m'maso, woti amuuze palibe.

Ndipotu sitiresi si za m'mutu zokha. Thupi limatulutsa mahomoni ngati adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, tulo sitibwera, ndipo zikatenga nthawi yaitali ngakhale zimene wawerenga sizikhazikika chifukwa ubongo umasunga bwino zinthu munthu akamagona mokwanira. Ndiye wina n'kumati ndi waulesi, chonsecho mwana akuwerenga mpaka 2 koloko usiku.

Zoti poti akuphunzira zachipatala adzithandiza yekha ndiye zimandiseketsa, kudziwa dzina la vuto sikuchiza. Kupukwa kwa masabata oyamba kumachepa akapeza anzake, koma akakhala wokhumudwa tsiku ndi tsiku kupitirira masabata 2, sakudya, safuna kuonana ndi anthu, pamenepo osamuuza zolimba mtima, akaonane ndi mlangizi wapasukulu kapena dokotala.