Mafunso ndi mayankho pa lamulo loyesera injini za ndege zolamulidwa ndi kompyuta

Chiyambireni phunziro la FADEC, ophunzira ndi amakaniko akhala akubwera ku ofesi ndi mafunso omwewomwewo, ena ali okwiya ndithu. Tayankha amene amabwera kawirikawiri.

FADEC n'chiyani?
Ndi kompyuta yolamulira injini. Payiloti akakankha throttle (chogwirira chowonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini), uthenga umadutsa pa waya, ndipo kompyutayo ndiyo imasankha mlingo wa mafuta.

Nanga lamulo limati chiyani?
Ku America, gawo 33.73 la malamulo a FAA (bungwe la boma loyang'anira za ndege) limati injini ichoke pa idle (pamene ikungozungulira pa mphamvu yochepa kwambiri) n'kufika pa 95 peresenti ya mphamvu yonyamukira m'masekondi osapitirira 5. Pa ndege zikuluzikulu, gawo 25.119 limawerengera mphamvu imene ilipo pakatha masekondi 8 payiloti atakankha throttle chifukwa walephera kutera.

Kompyuta ikamasankha mlingo wa mafuta, si kumulanda payiloti ulamuliro kumeneku?
Ayi, kompyutayo imangoteteza injini. Mafuta akathiridwa ambiri nthawi imodzi, mpweya umabwerera m'mbuyo mu kompresa (mbali ya injini yopanikiza mpweya), injini n'kuwomba ngati mfuti, mwinanso kuzima. N'chifukwa chake oyesa ndege amachita dala kukankha throttle mwamphamvu mpaka kumapeto, n'kuibwezanso msanga, ali kumwamba kwambiri komanso akuuluka pang'onopang'ono, kumene injini imavutika. A NASA, bungwe la ku America lofufuza za mumlengalenga, anachita zotere kuyambira 1981 ku Edwards, California, pa ndege yankhondo ya F-15 yokhala ndi injini ya F100. Ndege zankhondo zili ndi malamulo akeake.

Tikangosintha pulogalamu ya kompyuta, tiyeserenso? Alipira ndani?
Apa ndi pomwe ambiri amatidandaulira, ndipo sitingapereke yankho limodzi. Zimatengera kuti chasintha n'chiyani. Ngati kusinthako kukukhudza kathiridwe ka mafuta kapena malire a kutentha, yembekezerani kuyesanso, mwina pansi pokha, mwina ndi mumlengalenga momwe. Woweruza ndi bungwe lopereka chilolezo, osati makaniko, osatinso ife. Za ndalama zimatsatira mgwirizano wa wopanga injini ndi mwini ndege, choncho werengani pangano lanu musanalonjeze aliyense kanthu. Amene amati "ndi pulogalamu chabe" akumbukire za pa 9 Meyi 2015 ku Seville, Spain. Ndege ya Airbus A400M inagwa pa ulendo wake woyamba woyesera, anthu anayi n'kumwalira. Injini zitatu mwa zinayi zinasiya kumvera throttle chifukwa manambala oyezera mphamvu anafufutika poika pulogalamu.

Kompyutayo ikafa ndege ili m'mwamba?
Ili ndi mbali ziwiri, ina ikalephera inzake imapitiriza, ndipo injini ikamazungulira imadzipangira magetsi a kompyutayo. Koma inde, pa FADEC yeniyeni palibe chingwe chapadera chochokera kwa payiloti. Mbali zonse ziwiri zikafa, injini imeneyo sangailamulirenso.