Kuyamba piyano utakula: mutu umathamanga, zala zimakwawa

Bambo ena amene anabwera kudzaphunzira kwa ine ali ndi zaka 54 anakhala pampando n'kumangoyang'ana makiyi, manja ali pamiyendo. Kenaka anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Aphunzitsi, paja amati kuwongola mtengo n'poyamba. Ine ndiye ndinasanduka kale chitsa." Ndinawapempha kuti aike dzanja lamanja patebulo, zala zonse zitagunda pansi, kenaka azinyamula chala chimodzichimodzi. Chachikulu chinanyamuka bwinobwino, cha mkombaphala chimodzimodzi. Atafika pa chala chovala mphete chija, chinangoti gwede, n'kukana. "Mwaonatu," anatero, "zinauma kale izi." Ndiye ndinaika langa, dzanja lomwe lakhala pa piyano kuyambira ndili mwana, ndipo chala changa nachonso chinangonyamuka pang'ono pokha.

Chala chimenechi chili choncho kwa aliyense, mwana ndi wamkulu yemwe. Mtsempha umene umachinyamula unalumikizana ndi mitsempha ya zala zoyandikana nacho kuseri kwa dzanja, ndiye sichitha kukwera chokha momasuka. Komanso m'zala mwenimwenimo mulibe minofu. Zimene zimazisuntha ndi minofu ya m'mkono ndi ina ing'onoing'ono ya m'chikhato, yomwe imakoka mitsempha ngati zingwe. Choncho zoti munthu "alimbitse zala" ndi nkhani yofunika kuisamala. Robert Schumann, wa ku Germany, anavulala dzanja lamanja cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1830 ali mnyamata wofunitsitsa kukhala katswiri wa piyano, ndipo maloto oyimba pamaso pa anthu anathera pomwepo, n'kutsala ndi kupeka nyimbo. Ngati dzanja kapena mkono wayamba kuwawa mukuyeserera, lekani. Kuwawako sikutanthauza kuti mukupita patsogolo.

Vuto lenileni la munthu woyamba atakula lili kwina. Mwana wa zaka 7 akayimba kanyimbo ka manoti asanu molakwitsa, amadumphadumpha ndi chimwemwe, chifukwa khutu lake silinayambe kuweruza. Inu mwakhala mukumvera nyimbo zoyimbidwa bwino kwa zaka 30 kapena 40. Mukudziwa mmene nyimbo iyenera kumvekera, ndipo ndikakufotokozerani kanthu kamodzi kokha mumamva nthawi yomweyo, mwina kuposa mwana amene ndimam'bwerezera sabata zitatu. Koma kumva ndi mutu n'kwina, kuchita ndi zala n'kwinanso. Mutu wafika kale kumapeto kwa nyimbo pamene zala zikadafufuza noti yachitatu. Mpata umenewu ndi umene umagwetsa anthu mphwayi, ndipo ambiri amene ndinawaona akusiya sanasiye chifukwa cholephera, anasiya chifukwa chodzimvera manyazi.

Tiyambe ndi chidacho, chifukwa funso loyamba limakhala lakuti, ndigule chiyani? Piyano yathunthu ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Makiyibodi ambiri oyambira ali ndi makiyi 61, ndipo amenewo ndi okwanira kwa chaka choyamba, mwinanso kuposa apo. Chomwe sindinyengerera n'chimodzi: kiyibodiyo izimva mphamvu ya chala, kuti mukadina pang'ono mawu azituluka otsika, mukadina mwamphamvu azikwera. Ngati mawu akutuluka chimodzimodzi kaya mwasisita kaya mwamenya, isiyeni. Dzina lenilenilo lakuti piyano linachokera pamenepa. Bartolomeo Cristofori atapanga chida chimenechi ku Florence cha m'ma 1700, chodabwitsa chake chinali chakuti chinkatha kuyimba motsitsa ndi mokweza, zomwe m'Chitaliyana amati piano ndi forte. Mukapeza ya makiyi olemerako, olimba pansi pa chala ngati a piyano ya zingwe, ndiye bwino koposa. Zina zonsezo, mawu a zida mazanamazana ndi mabatani owala, n'zokometsera chabe.

Pali chinthu chimodzi cha mkati mwa piyano chimene ndimafuna wophunzira aliyense achidziwe. Mukadina kiyi, kanyundo kokutidwa ndi nsalu yaubweya kamamenya chingwe n'kubwerera nthawi yomweyo. Mawu akangotuluka, basi atuluka, ndipo amayamba kuzilala pomwepo. Kaya mupitirize kukanikiza kiyiyo ndi mphamvu zonse, simuwonjezera kalikonse. Akuluakulu ambiri amakanikiza mpaka nsonga za zala kuyera, mapewa atakwera mpaka m'makutu, mpweya ataugwira. Ine ndimangoima kumbuyo kwawo n'kunena kuti, "Pumani," ndipo amaseka chifukwa sanadziwe kuti asiya kupuma. Khalani chakutsogolo kwa mpando, mapazi onse pansi, zigongono zilingane ndi makiyi. Siyani dzanja lilendewere m'mbali mwanu, muone mmene zala zapindikira zokha, ndipo muliike pa makiyi lili choncho. Zikhadabo zikhale zazifupi, apo ayi muzimva kuti kwe kwe kwe ndipo chala chiziterereka.

Makiyi ambirimbiriwo asakuopseni. Ndi manoti 12 okha amene akungobwerezabwereza, oyera 7 ndi akuda 5. Akudawo akhala m'magulu, awiri kenaka atatu, awiri kenaka atatu, ndipo ndiwo amene amakuuzani pamene muli. Kiyi yoyera imene ili kumanzere kwa akuda awiri ndi C nthawi zonse. Kuchokera pamenepo mukupita kumanja ndi D, E, F, G, A, B, n'kubwereranso pa C. Amene munaphunzirapo do, re, mi, mukayambira pa C n'kumangotsata oyera okhaokha mumva sikelo yomwe mukuidziwa kale. Musalembe zilembo pa makiyi. Ndikudziwa kuti zimathandiza sabata yoyamba, koma maso amazolowera kuwerenga chilembo m'malo mozindikira malo, ndipo tsiku limene mudzakhale pa piyano ya eni mudzasowa pogwira.

Zala nazo zili ndi manambala, chachikulu ndi 1 mpaka kachala kakang'ono 5, m'manja monse muwiri. Timanambala timeneti mukatiwona pamwamba pa manoti musatinyoze. Sikelo ya C ndi dzanja lamanja imayenda 1, 2, 3, kenaka chala chachikulu chimalowa pansi pa zinzake kukagwira F, n'kupitiriza 2, 3, 4, 5. Chofunika kwambiri n'chakuti malo amodzi muzigwiritsa ntchito chala chomwechomwecho nthawi zonse. Lero 3, mawa 4, mkuja 2, ndiye kuti mukuphunzitsa dzanja njira zitatu zosiyana, ndipo pa tsiku loyimbira anthu lidzasowa yotsata.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Dzanja silidziwa kusiyanitsa cholondola ndi cholakwika, limangosunga chimene mwabwereza kwambiri. Mukayimba kachigawo kakhumi, kasanu ndi katatu mukulakwitsa, kawiri mukukhoza, mwaphunzira kulakwitsako. Ndiye taonani zimene pafupifupi aliyense amachita akakhala yekha. Amayamba nyimbo kuchokera koyambirira, amayenda bwino mpaka pa mzere wachitatu, amapunthwa, amati "aa, pepani" ngakhale m'chipindamo mulibe munthu, n'kubwerera koyambirira. Akatero kwa theka la ola, mzere woyamba wayimbidwa kambirimbiri ngakhale unali wosavuta, pamene povuta paja pangokhudzidwa mopunthwa basi. Sabata ikatha amabwera n'kunena kuti anayeserera tsiku lililonse, ndipo sakunama.

Chimene ndimawauza n'chakuti atenge pensulo azungulize pamene akupunthwapo. Nthawi zambiri amapeza kuti si mzere wonse, ndi manoti atatu kapena anayi okha, mwina pamene dzanja likudumpha kapena pamene chala chachikulu chikulowa pansi. Yambirani noti imodzi musanafike povutapo, mukathere noti imodzi mutadutsapo. Dzanja limodzi lokha kaye. Ndipo muyimbe pang'onopang'ono mpaka kulakwitsa kukhale kovuta, pang'onopang'ono moti wodutsa panja sangazindikire kuti ndi nyimbo yanji. Anthu akamva "pang'onopang'ono" amangochepetsa liwiro pang'ono pokha, chifukwa khutu likufuna kumva nyimbo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Metronome, kachipangizo kogunda mosasintha liwiro, imathandiza pamenepa, ndipo masiku ano mutha kuipeza pa foni komanso m'makiyibodi ambiri. Mukaiika pa 60 imagunda kamodzi pa sekondi. Noti imodzi pa kugunda kumodzi. Mukakhoza kasanu motsatizana, onjezerani liwiro pang'ono. Mukalakwitsa, bwererani pansi popanda kudzikalipira.

Kuphatikiza manja awiri ndi pomwe ambiri amaganiza kuti mitu yawo siikugwira. Lamanja likuyimba bwino, lamanzere likuyimba bwino, mukaphatikiza zonse zimamwazika ngati simunayambe mwayesapo. Zimenezi n'zachibadwa. Kwa ubongo, manja awiri pamodzi ndi ntchito yachitatu, yatsopano, yofunika kuiphunzira payokha. Chokani pa makiyi, muike manja pa maondo, muzigunda kayendedwe kokhako uku mukunena mokweza: onse, lamanja, lamanja, onse. Zikakhazikika pa maondo, bwererani ku makiyi ndi theka la liwiro limene munali nalo ndi dzanja limodzi.

Nanga nthawi? Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a tsiku limodzi pa sabata, ndipo si nkhani ya khalidwe labwino ayi. Luso la manja limakhazikika pakati pa kuyeserera kumodzi ndi kwina, makamaka munthu akagona. Mudzaona nokha: kachigawo kamene kanakukanikani usiku, m'mawa kamatheka popanda chimene mwasintha. Amene amayeserera kamodzi pa sabata amadzimana masiku asanu ndi limodzi a phindu limeneli. N'chifukwa chake ndimati kiyibodi isamakhale m'katoni pansi pa bedi. Ikhale poonekera, yolumikiza kale kumagetsi, mahedifoni ali pompo, kuti mukangodutsa muzikhala pansi.

Pa mkangano woti munthu ayambe ndi kuwerenga manoti kapena kuyimba ndi khutu, ine ndili ndi mbali yanga. Munthu wamkulu ayambe zonse ziwiri, koma ma chord, kutanthauza manoti angapo oyimbidwa pamodzi, abwere msanga, chifukwa ndi amene amamupatsa nyimbo yeniyeni m'mwezi woyamba. Gwirani C, E ndi G pamodzi ndi dzanja lamanja, imeneyo ndi chord ya C. Tsopano chala chachikulu chikhale pomwepo pa C, zina ziwirizo zisunthe kiyi imodzi kumanja, zigwire F ndi A. Mwapeza chord ya F osadumpha. Bwererani pa C, E, G, kenaka siyani G pomwepo, ziwiri zapansizo zitsike kiyi imodzi kukagwira B ndi D, ndipo imeneyo ndi chord ya G. Ndi atatu amenewa, dzanja lamanzere likugunda noti imodzi ya besi, mutha kuperekeza nyimbo zochuluka zedi zimene mumazidziwa kale. Kuwerenga manoti kuziyenda pambali, mizere iwiri yosavuta patsiku, chifukwa ndi kumene kudzakutsegulireni nyimbo zomwe simunazimvepo.

Pali mabatani awiri amene ndimawayang'ana ndi diso lokayika. Lina ndi la transpose, lomwe limakulolani kuyimba nyimbo iliyonse mu C kwinaku makina akukweza kapena kutsitsa mawu a nyimbo yonse. Limapulumutsa woyimba akakuuzani mwadzidzidzi kuti mutsitse pang'ono, koma ndakumanapo ndi anthu oti ayimba zaka zambiri osagwirapo kiyi yakuda. Linalo ndi loyatsa ng'oma ndi besi zoyimba zokha, zimene zimaphimba zolakwa zanu zonse. Pedulo yakumanja, yotalikitsa mawu, nayo imachita chimodzimodzi mukaiponda osaisiya. Poyeserera zimitsani zonsezi, mumve zala zanu zokha. Mukafuna kudziwa zoona zenizeni, dzijambuleni ndi foni n'kumvera mawa lake.

Mavidiyo a pa YouTube ndi mapulogalamu a m'foni amaphunzitsadi, sindikutsutsa. Chomwe sangathe n'kukuonani. Sakudziwa kuti phewa lanu lakwera kapena kuti dzanja lagwa m'munsi mwa makiyi. Ngakhale simungathe kukhala ndi mphunzitsi sabata iliyonse, pezani woti azikuonani mwa apo ndi apo, makamaka miyezi yoyambirira, chizolowezi choipa chisanamere mizu.

Bambo aja anapitiriza. Sabata zoyamba ankapepesa pa noti iliyonse yolakwika mpaka tinagwirizana kuti mawu akuti pepani azisiya pakhomo. Tsiku lina anabwera ndi pepala lozunguliza malo anayi ndi pensulo, n'kundiuza kuti atatu awagonjetsa koma lachinayi likuwavutabe. Tinaliyang'ana limodzi, n'kupeza kuti ankagwira F ndi chala 4 pamene pafunika chachikulu. Tinafufuta nambalayo, tinalemba 1, tinaika metronome pa 50, ndipo anayambira noti imodzi asanafike pa F.