Zaka 50 kusaka chimene chimaboola tisefa ta impso

Impso iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo impso ziwirizi zimasefa malita 180 a madzi a m'magazi patsiku, ngakhale ambiri amabwereranso m'thupi. Tisefati tikakhala tabwino, mapuloteni sadutsa. Pali nthenda ina, madokotala timaitcha membranous nephropathy, imene imachititsa kuti tizidontha. Mkodzo umachita thovu losachedwa kuoneka koma lochedwa kutha, zikope zimatupa m'mawa, ndipo ukadina chala pa akakolo pamatsala kadzenje. Tikayeza, mapuloteni otayika nthawi zambiri amaposa magalamu 3.5 patsiku.

Kuyambira kale zinkadziwika kuti chitetezo cha m'thupi ndicho chikuukira impso za mwini wake. Koma ma antibody, mapuloteni amene chitetezocho chimapanga kuti alimbane ndi adani a thupi, sangoluma paliponse, amakhala ndi chinthu chimodzi chimene akulimbana nacho. Chinthucho ndicho chinasowa. M'fayilo ya wodwala ankangolemba kuti choyambitsa sichikudziwika.

Mu 1959, Walter Heymann wa ku Cleveland anayambitsa nthenda yofanana nayo mwa makoswe powabaya zinthu zochokera ku impso za makoswe anzawo. Mu 1982, Dontscho Kerjaschki ndi Marilyn Farquhar anapeza puloteni imene ma antibody a makoswewo ankaluma, yomwe pambuyo pake inatchedwa megalin. Tsoka ilo, mwa munthu siinali imeneyo.

David Salant anaphunzira udokotala ku Johannesburg, kenako anakakhazikika pa Boston University. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ali m'gulu la William Couser, anathandiza kusonyeza kuti ma antibody amakagwira pa kasefa pomwepo, sikuti amabwera ndi magazi atamatirira kale ku chinthu china n'kungokodwa. Mu 1980 anasonyezanso kuti chimene chimaboola ndi gulu la mapuloteni a chitetezo lotchedwa complement. Ngakhale izi zinali ndi phindu, zinali za makoswe basi, ndipo Salant anakakamira funso lomwelo kwa zaka zina pafupifupi 30.

Chiyembekezo chinabwera mu 2002, pamene Hanna Debiec ndi Pierre Ronco ku Paris anapeza choyambitsa mwa khanda lobadwa ndi nthendayi, ma antibody atachokera kwa mayi ake. Ndiye mu 2009, Laurence Beck, Salant ndi anzawo analengeza mu New England Journal of Medicine kuti odwala akuluakulu pafupifupi 70 pa 100 alionse anali ndi ma antibody olimbana ndi puloteni yotchedwa PLA2R, imene imakhala pa maselo okuta tisefa.

M'mayunivesite, wofufuza amamuyeza powerenga mapepala amene wasindikiza ndi kangati anzake atchula ntchito yake. Sindikutsutsa, koma manambala otere amakweranso ndi ntchito zimene sizinakhudze wodwala n'mmodzi yemwe. Ine ndimafunsa chimene chasintha m'chipinda choonera odwala.

Apa chasintha n'chachikulu. Kale, kuti titsimikize nthendayi, wodwala ankagona chafufumimba, timubaye dzanzi kumsana, tilowetse singano yaitali mpaka pa impso n'kutapako kanyama kokaunika pa maikulosikopu. Kawirikawiri zimayenda bwino, koma impso ili ndi magazi ambiri, ndipo ena amataya magazi. Lero timatenga magazi pamkono. Malangizo a mu 2021 a KDIGO, bungwe la akatswiri a impso padziko lonse, akuti ngati wodwala akutaya mapuloteni ambiri ndipo ma antibody a PLA2R apezeka, singano ija ikhoza kusiyidwa.

Kuyezaku kumatithandizanso posankha mankhwala, ndipo kwa ine apa ndiye pagona phindu lenileni. Pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu amachira yekha, choncho kumupatsa mankhwala ofooketsa chitetezo, monga rituximab kapena cyclophosphamide, n'kumuika pachiswe pachabe. Ma antibody amatsika miyezi ingapo mapuloteni a mumkodzo asanatsike. Ma antibody akamatsika, dokotala angadikire ngakhale thovu lidakalipo. Akakhala okwera osasuntha, kudikira n'kuwononga impso.

Nanga otsala aja, amene PLA2R siwakhudza? Mu 2014 panapezeka puloteni ina, THSD7A, mwa odwala ochepa, ndipo zina zapezeka pambuyo pake. Kwa iwowa singano ikufunikabe, ndipo dokotala ayenera kufufuzanso hepatitis B, lupus (nthenda ina imene chitetezo chimaukira thupi la mwini wake), khansa ndi mankhwala amene munthuyo wakhala akumwa, makamaka opha ululu a mtundu wa ibuprofen.