Za *#21# zija, palibe akukumvetserani

Abale nkhani iyi ndatopa nayo, zaka ndi zaka m'maminibasi a ku Namwera mpaka m'magulu a WhatsApp, ati ukaimba *#21# uona ngati wina akumvetsera foni yako mobisa. Ayi ndithu. Khodi imeneyi imangoonetsa ngati mafoni obwera akupatutsidwira ku nambala ina, basi.

Mukaimba khodi ina ya *#62# nkutuluka nambala yachilendo musathamange magazi, kawirikawiri imakhala ya voicemail ya kampani yanu yomweyo, yolandira mafoni netiweki ikathawa ngati mmene imachitira mukalowa pakati pa nyanja muja. Lowani mu Settings pa Call forwarding muone nokha, kapena funsani kampani ya layini yanu. Uthenga wotere musamangotumizira anzanu musanaufufuze chonde. Mukafuna kuzimitsa kupatutsa konseko imbani ##002#.