Utsi wa minyanga ku Mzuzu ndi mkangano umene sunazime

Pa 14 Malichi 2016, kuno ku Mzuzu, boma linatentha minyanga ya njovu 781, yolemera matani 2.6. Minyangayi inagwidwa mu 2013 ili m'lole yochokera ku Tanzania, ndipo boma la Tanzania linayesapo kuimitsa motowo ponena kuti likuifuna ngati umboni pa milandu ya kwawo. Khoti litalamula, moto unayaka, atolankhani anajambula, zithunzi zinapita kutali. Koma m'maminibasi ndi pamsika wa Taifa funso limene ndinkamva linali limodzi: chuma chonsechi kuchiotcha chifukwa chiyani, pamene m'zipatala mulibe mankhwala?

Funsolo silopusa, ndipo yankho lake lili ndi mbiri. Moto wotere unayambira ku Kenya mu Julaye 1989, pamene Pulezidenti Daniel arap Moi anayatsa mulu wa minyanga wa matani 12. Cholinga chinali chakuti dziko lonse lione, ndipo linaonadi: chaka chomwecho mayiko a m'pangano la CITES, loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire, analetsa malonda a minyanga pakati pa mayiko. Choncho minyanga ya ku Mzuzu ija sikanagulitsidwa mwalamulo. Otsutsa amati kuotcha kumachepetsa katundu, mtengo n'kukwera, opha njovu mozembera n'kulimbikira. Ovomereza amakumbutsa za 2008, pamene Botswana, Namibia, South Africa ndi Zimbabwe analoledwa kugulitsa matani oposa 100 ku China ndi Japan, ndipo zaka zotsatira njovu zinaphedwa mochuluka zedi. Ine ndili kumbali ya moto. Mnyanga wosungidwa m'nyumba ya boma umayesa mlonda tsiku ndi tsiku. Chimene chimandiwawa n'chakuti motowo unayatsidwira maso a anthu akutali, ndipo ife oyandikira utsiwo tinafotokozeredwa zochepa.

Kulankhulira nyama si kwa dzulo. Ku Britain lamulo loletsa kuchitira nkhanza ng'ombe ndi akavalo linadutsa mu 1822, ndipo mu 1824 ku London kunabadwa bungwe loteteza nyama ku nkhanza limene lero limatchedwa RSPCA. Awo ankangoti chiweto chisazunzidwe: weta, gwiritsa ntchito, ipha ngati ukufuna ndiwo, koma usachizunze. Mfundo imeneyi agogo athu sakanaikana. Mwana wogenda galu wa mnzake ankadzudzulidwa, ndipo amene ng'ombe zake zili ndi zilonda za goli ankadziwika mudzi wonse kuti ndi wouma mtima.

Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene ena anayamba kunena kuti nyama ili ndi ufulu wakewake, kotero kuidya, kuvala chikopa chake kapena kuyeserapo mankhwala n'kulakwa ngakhale utaisamala bwanji. Bungwe la PETA, lomenyera ufulu wa nyama, linakhazikitsidwa ku America mu 1980 ndi Ingrid Newkirk ndi Alex Pacheco. Mu 1981 Pacheco analowa ntchito pamalo ena ofufuzira ku Silver Spring, m'chigawo cha Maryland, n'kujambula anyani 17 amene ankasungidwa mozunzika. Apolisi analowerera, nkhani inafika kukhoti. Pamenepo chithunzi chinagwira ntchito yabwino, chifukwa chinaonetsa zoona zimene zinkabisidwa.

Koma a PETA atazindikira kuti chithunzi chodzidzimutsa chimakopa anthu ndi ndalama, anayamba kufuna chodzidzimutsa koposa. Kwa zaka pafupifupi 30 anajambulitsa anthu otchuka ali maliseche potsutsa zovala za ubweya wa nyama, ndipo amayi ambiri anafunsa ngati kulemekeza nyama kumafuna kuvula mkazi. Mu 2003 anaika zithunzi za Ayuda ophedwa ndi chipani cha Nazi pambali pa zithunzi za nkhuku ndi nkhumba za m'makola a malonda. Makhoti a ku Germany analetsa kampeniyo, ndipo mu 2012 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linagwirizana ndi chiletsocho. Mu 2005 a PETA anachitanso chimodzimodzi ndi zithunzi za akapolo ndi anthu akuda opachikidwa m'mitengo ku America. Ife a dziko limene makolo athu anawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota atamangidwa magoli, sitifuna wotifotokozera chifukwa chimene chithunzi chotere chimalasira mtima. Amene anakutcha nyama kuti akugulitse, ndi amene akukuika pambali pa nyama kuti apeze omvera, onse akugwiritsa ntchito thupi lako osakupempha.

Ku Africa mkanganowu umavala nkhope ina. Mkango wotchedwa Cecil utaphedwa ndi mlenje wa ku America pafupi ndi nkhalango ya Hwange ku Zimbabwe mu Julaye 2015, dziko lonse linalira maliro, pamene anthu ambiri a m'dzikomo anali asanamvepo dzina la mkangowo. Mu 2024 Pulezidenti Mokgweetsi Masisi wa Botswana, atatopa ndi malangizo ochokera ku Ulaya, ananena kuti atumiza njovu 20,000 ku Germany kuti akayese kukhala nazo.

Kwathu kuno nkhani yake ndi ya Kasungu. Mu Julaye 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita kunkhalango ya Kasungu, ntchito imene nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire inagwira ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW. Zithunzi zake zinali zokongola: helikoputala m'mwamba, njovu zogonekedwa tulo zikukwezedwa m'malole. Zimene zinatsatira sizinajambulidwe mokongola choncho. Njovu zinatuluka m'nkhalango, minda inaphwasulidwa, anthu anafa mbali ya Malawi ndi ya Zambia, ndipo ena mwa okhudzidwa anapeza maloya ku Britain kuti alimbane ndi IFAW, bungwe limene limakana kuti ndi lolakwa. Kusamutsako kunali ndi chifukwa chomveka, pakuti ku Liwonde njovu zinachuluka kuposa malo. Funso la anthu ndi lakuti mpanda ndi moyo wawo zinali pati pamene ndondomeko inkalembedwa.

Ife a kumpoto funsoli timalidziwa. Pamene nkhalango ya Nyika inkakuzidwa mu 1978, mabanja anasamutsidwa, kusiya minda ndi manda a makolo awo. Lero mlimi wa m'malire a Vwaza ku Rumphi amachezera usiku m'munda ndi moto ndi zitini, kuopseza njovu kuti chimanga chake chifike pokolola. Munthu ameneyu sadana ndi njovu. Amaidziwa kuposa amene amaiona pa Facebook. Koma pachithunzi chopemphera thandizo iye mulibe.

Sindikunena izi kuti tidzikhululukire. M'mawa uliwonse pamsewu wa Luwinga pamadutsa njinga zonyamula nkhuku zolendewera mitu pansi, ndi mbuzi zomangidwa miyendo inayi pakaliyala, zikulira mpaka mawu kutha. Lamulo loteteza ziweto ku nkhanza tili nalo kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA limene limabaya agalu katemera wa chiwewe ndi kuphunzitsa ana kusamala ziweto. Sabata yatha ndinaimitsa mnyamata wina wa mbuzi pafupi ndi Zigwagwa, ndinamupempha kuti amasuleko chingwe chimene chinali chitadya khungu la mwendo. Anandiyang'ana kanthawi, anatsika panjinga, n'kumasula.