Wamantha ndi wodzimva amadwala nthenda imodzi

Tsiku lobweza ngongole ku banki m'khonde likafika, pamphasa sipalephera kukhala malo awiri opanda anthu. Ena ndi a mayi amene geni yawo ya nthochi ndi nanazi pa Limbuli sinayende. Adzitsekera m'nyumba, foni azimitsa, mwana amupangira kuti a komiti akabwera anene kuti amayi apita kumaliro. Enawo ndi a bambo amene ndalama yawo inalowa m'munda osatulukanso. Iwowa sabisala ayi. Ali pagolosale, akuuza aliyense kuti gulu lija n'la anthu osaphunzira, sangawaimike pabwalo ngati mwana.

Pamudzi amati mayiwo ndi amantha, bambowo ndi odzimva. Koma mutawagwira pamkono m'mawa wa tsikulo, mungapeze mitima yonse iwiri ikuthamanga mofanana. Chimene onse akuopa ndi kuimirira anthu akuwayang'ana n'kunena kuti "ndalephera".

Mkati mwa ubongo, kumanja ndi kumanzere, muli kachiwalo kakang'ono ngati mtedza kotchedwa amygdala. Ntchito yake ndi ulonda. Kakangoona choopsa kamaliza belu gawo loganiza lisanaiunike n'komwe nkhaniyo. N'chifukwa chake wothyola tiyi akaona chakuda chopindika pansi pa tiyi amayamba wadumpha, pambuyo pake ndi pamene amazindikira kuti ndi chidutswa cha paipi. Belulo likalira, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi madzi otchedwa adrenaline. Mtima, umene munthu wamkulu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, umathamanga kuposa apo. Magazi amakhamukira ku minofu ya miyendo ndi manja, kugaya chakudya kumayamba kwaima, malovu amauma, m'mimba mumabwadamuka. Walter Cannon, katswiri wa za thupi la munthu wa ku yunivesite ya Harvard, anafotokoza zimenezi m'chaka cha 1915: thupi likukonzekera kumenya kapena kuthawa. Ena sachita ziwirizi, amangouma ngati chitsa.

Mlonda ameneyu sitifuna kumuchotsa ntchito. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita m'mwezi wa Marichi 2023 kuno ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, akamva mantha mvula ikagwa masiku atatu osakata, manthawo akunena zoona. Ngati nyumba ili m'mphepete mwa phiri kapena m'khwawa modutsa napolo, mankhwala ake ndi kusamukira pamalo otetezeka, osati kulimba mtima. Chimodzimodzinso mayi amene amanjenjemera akamva mwamuna wake womenya akubwera: iyeyo akufunika ankhoswe, amfumu ndi apolisi a Victim Support Unit, osati phunziro la kupuma bwino.

Chovuta n'chakuti mlondayu sasiyanitsa njoka ndi maso a anthu 20 okhala pamphasa. Zonse amaziimbira belu limodzi.

Ndiye taonani zimene zimachitika mayi aja akajomba. Nthawi ya msonkhano ikangodutsa, mtima umakhala pansi, thukuta limauma, nsima imalowa. Mpumulo umenewo ndiwo msampha. Ubongo umasunga kuti "tapulumuka chifukwa tinathawa", ndipo sabata yotsatira belu limalira msanga komanso mokweza. Sunapatsidwe mpata woona kuti akanapita, mwina anzawo akanangodandaula pang'ono n'kugwirizana tsiku lina. Uku chiwongoladzanja chikukwera, chindapusa chojomba chikuwonjezekera, ndiye chinthu chimene poyamba chinali choopsa m'maganizo mokha chimasanduka choopsa chenicheni. Mantha ambiri amene amakhalitsa amadya chakudya chimodzi chomwechi, kuzemba.

Bambo aja akuzembanso, kungoti avala jekete. Mawu akuti ego, amene masiku ano achinyamata amawatchula kwambiri, m'maphunziro a katswiri wa za maganizo Sigmund Freud a m'chaka cha 1923 ankatanthauza gawo la maganizo loyanjanitsa zilakolako za munthu, chikumbumtima chake ndi mmene zinthu zilili kunja. Pakamwa pa anthu tanthauzo linasintha: ndi chithunzi chimene munthu anadzijambula yekha, chimene amachilondera usana ndi usiku. "Ine sindilakwa." "Ine sindipempha." "Mwamuna salira." Chithunzicho chikagwedezeka, amygdala amaliza belu lomwe lija, koma m'malo mothawa munthu amasankha kumenya, ndi mawu kapena ndi manja.

Kudzimva kumaoneka pa zinthu zing'onozing'ono. Munthu amapsa mtima kuposa kukula kwa chimene wauzidwa. Amanyoza chinthu chimene akuchiopa: mlimi wa tiyi amene masamba ake akubwezedwa pasikelo amati alangizi ndi ana a dzulo, m'malo mofunsa chimene akulakwitsa pothyola. Bambo amene mutu ukuwawawa mwezi wathunthu amati zoyezetsa BP n'za amayi. Mkamwini amene mumtima akuopa kuti pamudzi pa akazi ake amamuona ngati mlendo amakalipa pa nkhani ya mchere. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma wodzimva amadya phulalo akudziwa, bola anthu asamuone akufunsa. Musasokoneze zimenezi ndi kudzidalira. Wodzidalira amatha kunena kuti "pamenepo sindikudziwa" nkhope ili gwa, chifukwa ulemu wake sunakolekedwe pa kudziwa zonse.

Njira imene imagwira ntchito si yachilendo, ndipo siifuna ndalama. Joseph Wolpe, dokotala wa matenda a maganizo wobadwira ku Johannesburg, ndiye anaiyala bwino m'zaka za m'ma 1950: choopsacho uzichiyandikira pang'onopang'ono, mwadala, mobwerezabwereza. Tengani kope. Lembani chinthu chimodzi chokha chimene mukuchizemba, kenako chiduleni m'masitepe asanu kapena asanu ndi atatu, lililonse mulipatse nambala kuyambira 0, kutanthauza mtima uli m'malo, mpaka 100, mantha osaneneka. Kwa mayi aja zikhoza kukhala motere: kuwerengera okha ngongole yonse papepala, 30; kuuza mchemwali wawo zoona zake, 45; kuimbira foni msungichuma, 60; kupita kunyumba kwa wapampando, 75; kuimirira pagulu, 90.

Yambani pa sitepe ya 30 kapena 40. Musanachite, lembani chimene mukuganiza kuti chichitika, mwachindunji: "achemwali andiseka, auza mudzi wonse." Mukatha, lembani chimene chachitikadi. Kufananitsa mizere iwiriyi ndiko kumaphunzitsa ubongo, kuposa malangizo a munthu aliyense. Pochitapo mantha adzakwera, n'zoyembekezeka. Khalani pomwepo mpaka atsike, ngati n'kotheka kufika theka la pamene anafika. Sitepe yotheka kubwereza, monga kufunsa funso pamsonkhano kapena kukwera kabaza pambuyo pa ngozi, ibwerezeni katatu kapena kanayi pa sabata, ndipo mukwere ina pamene iyi yasiya kukugwedezani.

Amene amati anayesa koma sizinathandize, mukawafunsitsa mumapeza zifukwa zomwezomwezi. Ena analumphira pa 90 tsiku loyamba, zinawakulira, anathawa, ndipo ubongo unatsimikiza kuti unkanena zoona. Ena anachoka mantha ali pachimake, kumene kuli kuzemba komwe kuja. Ena amayesa lero, kenako mwezi wamawa. Koma chobisika kwambiri ndi ndodo zoyendera: kakachasu kolimbitsa mtima, kupita ndi mnzako nthawi zonse kuti akulankhulire, kuyang'ana pafoni kuti maso asakumane. Zikayenda bwino ubongo umayamika ndodoyo, osati inu. Ndodo ndi yololedwa pa sitepe zoyamba, koma iyenera kutayidwa.

Kupuma kumathandiza ngati mwakuchita bwino, ndipo ambiri amakulakwitsa. Munthu akauzidwa kuti "pumani kwambiri" amameza mpweya mothamanga, mpweya wa carbon dioxide umachepa m'magazi, zala ndi milomo zimachita dzanzi, chizungulire chimabwera, iye n'kumaganiza kuti akufa. Chofunika ndi kuchedwetsa. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, dzanja lili pamimba kuti mumve ikukwera, kenako tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsa kotalikako ndiko kumatsitsa liwiro la mtima. Chitani mphindi zisanu, kawiri pa tsiku, pamene muli bwinobwino, kuti tsiku lovuta thupi lidzakhale litazolowera. Ndipo poti kuno tiyi ndi wapakhomo, dziwani kuti muli caffeine: makapu angapo a tiyi wakuda bii musanapite kokalankhula amawonjezera kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera kwa manja.

Pali pamene kope silikwana. Ngati mantha amakugwerani mwadzidzidzi popanda chifukwa, mtima kugunda, kubanika, n'kufika pachimake m'mphindi pafupifupi 10, yambani mwayezetsa, chifukwa kuchepa kwa magazi, kutsika kwa shuga, vuto la chithokomiro ndi matenda a mtima zimatha kuoneka chimodzimodzi. Ngati patha mwezi kapena kuposerapo chichitikireni ngozi koma mukulotabe zomwezo, mukudzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, masitepe aja musawakwere nokha. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Si aliyense amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ambiri amathandizidwa n'kubwerera kunyumba. Ndipo ngati ngongole kapena manyazi zafika pokuganizitsani zodzipha, uzani munthu lero lomwe, mupite naye kuchipatala.

Masitepe a bambo odzimva aja ndi ovutirapo, chifukwa iwo savomera n'komwe kuti akuopa. Poyambira pawo ndi kuzindikira belu: khosi likatentha, nsagwada zikalimba, mawu onyoza akafika pamilomo, adikire mpweya utatu wa 4 ndi 6 uja, adzifunse kuti "ndikuopa kuti anthuwa aona chiyani?" Kenako ayeserere mawu atatu amene amawatsamwa, kuyambira pamene mtengo wake ndi wochepa. "Sindikudziwa" anene kwa mwana wawo wa Fomu 2 akawafunsa masamu. "Ndinalakwa" anene kwa mayi a kunyumba pa nkhani yaing'ono, osawonjezerapo "koma nawenso". Liwu la "koma" limafafaniza zonse zimene zanenedwa. "Ndithandizeni" ndi womaliza.

Tsiku lopita kugulu asapite chimanjamanja, ndipo asakonze chilankhulo chachitali, poti mawu akachuluka kudziteteza kumalowamo. Atenge ndalama imene ali nayo ndi pepala lolembapo masiku: "Apampando, pa K60,000 ndabwera ndi K15,000. Munda sunandiyendere. Yotsalayo ndikupempha ndibweze kawiri, pa 15 ndi pa 30." Akatero akhale pansi, amve zimene gulu linene mpaka limalize, ngakhale wina atalankhula mopweteka.