Kiyibodi yakale ikasemphana mawu sikuti yafa

Ambiri kuno ku Nsanje ndi ku Chikwawa amati kiyibodi yakale ya analogi, yamtundu wa Minimoog ya m'ma 1970, ikayamba kusemphana mawu ndi kwaya ndiye kuti yatha ntchito. Ayi ndithu. Ma oscillator a m'kati mwake (tizipangizo topanga mawu) amasintha mawu malinga ndi kutentha, ndipo dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno mukulidziwa. Iyatseni, idikireni mphindi 20 kuti kutentha kwa m'kati kukhazikike, kenako muichune.

Ikamang'ung'udza pansipansi, kawirikawiri vuto ndi ma capacitor (tizipangizo tosunga magetsi) a mbali yolandirira magetsi. Kutentha kumawaumitsa, ena amatupa pamwamba ngati chitumbuwa. Amenewo asinthidwe ndi mmisiri, poti amasunga magetsi ngakhale mwazimitsa. Kukhwekhwereza mukamapotokola batani kawirikawiri ndi fumbi. Mafuta a makina osokera musathiremo, chonde.